Katangale amawasonkhanitsa, mipando imawabalalitsa

Kuyambira 1994, fungo la kusolola likangomveka ku Capital Hill, zipani zotsutsa boma zimathamangira kugwirana manja. Koma zomwe atsogoleri amalonjezana kuchipinda sizifanana ndi zomwe amalonjeza anthu pansanja, ndipo wopwetekeka nthawi zonse amakhala wovota.

Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013, a Paul Mphwiyo, omwe adali mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, adaomberedwa pageti la nyumba yawo ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Adapulumuka mwamwayi ndipo adathamangira nawo kuchipatala ku South Africa. Masiku ochepa izi zisadachitike, apolisi adali atagwira kalaliki wina wa m'boma ali ndi ndalama zoposa K100 miliyoni, chonsecho malipiro ake a pamwezi sankafika ndi K100,000 yomwe. M'masabata otsatira, mitolo ya ndalama idayamba kupezeka m'mabuti a magalimoto ndi m'zipinda zogona za anthu ogwira ntchito m'boma. Dzina la Cashgate lidamveka paliponse, m'maminibasi, pamaliro, mpaka m'maulaliki a Lamulungu.

Kabedwe kake sikadali kovuta. Munthu wodziwa nambala zachinsinsi za IFMIS, makina a kompyuta omwe boma limagwiritsa ntchito polipira anthu, ankalowetsamo dzina la kampani ngati kuti yagulitsa katundu kapena yagwira ntchito ku unduna wina. Cheke chinkatuluka, mwini kampani n'kukatapa nacho ndalama kubanki, anthu n'kugawana. Kenako wina ankabwerera pakompyuta kukafufuta zonse. Makampani ambiri mwa amenewa sadagulitse boma ngakhale bolopeni imodzi.

Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zidalowa m'matumba a anthu. Atafufuza mozama chiwerengerocho chidakwera kufika pa K24 biliyoni. Maiko ndi mabungwe omwe ankathandiza gawo lalikulu la bajeti yathu adaimitsa thandizo. Ena adakalowa m'ndende: mayi Treza Namathanga Senzani, mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adagamulidwa zaka zitatu mu 2014, a Oswald Lutepo zaka 11 mu 2015, ndipo a Ralph Kasambara, omwe adakhalapo nduna ya zachilungamo, zaka 13 mu 2016 pamlandu wokonza chiwembu chofuna kupha a Mphwiyo. A Mphwiyo eniakewo adadzaimbidwa mlandu wa Cashgate, ndipo mu 2023 adasowa ali pa belo.

Chisankho cha pa 20 Meyi 2014 chidafika mkwiyo udakali pamwamba. Mayi Joyce Banda, omwe adali mtsogoleri wa dziko, ankanena kuti ndi boma lawo lomwe lidaulula zakubazo, koma anthu sadamve: adapeza mavoti 20 okha pa 100 alionse. Komabe zipani zotsutsa zidalowa pachisankhocho aliyense payekha. A Peter Mutharika adapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera adapeza pafupifupi 28, a Atupele Muluzi pafupifupi 14. Anthu awiri pa atatu alionse omwe adavota adadzuka ali ndi mtsogoleri yemwe sadamusankhe.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya ndale zathu. Mbiri yoipa ya kusolola imakwanitsa kugwetsa boma, koma payokha siisankha wolowa m'malo. N'chifukwa chake chisankho chikamayandikira, abusa, amabungwe ndi anthu wamba amayamba kukakamiza otsutsa kuti akhale pamodzi, ndipo mwambi woti mutu umodzi susenza denga umamveka pamsonkhano uliwonse. Funso lomwe sitidalifunse mokwanira kwa zaka 30 ndi loti: akakhala pamodziwo, amagwirizana chiyani kwenikweni?

Masamu a zigawo

Migwirizano ya ku Malawi imayambira pa masamu, osati pa mfundo. Chisankho cha 1994 chidaonetsa kale momwe dziko lidagawanikira. A Bakili Muluzi a UDF adatenga Kummwera ndi kupambana ndi mavoti 47 pa 100 alionse, a Kamuzu Banda a MCP adasunga Chigawo cha Pakati ndi mavoti 33, ndipo a Chakufwa Chihana a AFORD adasesa Kumpoto ndi mavoti 19. M'Nyumba ya Malamulo ya aphungu 177, UDF idali ndi 85, osafika theka. Mipando 36 ya AFORD idasanduka katundu wamtengo wapatali.

Poyamba a Chihana adaima ndi MCP, chipani chomwe chidawatsekera m'ndende zaka ziwiri m'mbuyomo. Sipadapite miyezi yambiri, adawolokera kwa a Muluzi. Kuti akhale ndi pokhala, malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa n'kukhazikitsa udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mu 1996 a Chihana adatula pansi udindowo, ponena kuti m'boma mwachuluka katangale. Nthawiyo nkhani ya Field York idali kale pakamwa pa anthu: makope a ana a sukulu zaulere adagulidwa ku kampani ya ku Britain mosatsata ndondomeko, mlandu womwe udadzatsekeretsa a Sam Mpasu mu 2008, patatha zaka zoposa khumi.

Koma si onse a AFORD omwe adatuluka nawo. Nduna zina zidakakamira m'boma, chipani n'kugawanika. Ndipo mu 2003 a Chihana omwewo adabwerera pampando womwe adauthawa, m'boma la munthu yemweyo, pomwe nkhani za K187 miliyoni za ku unduna wa zamaphunziro ndi kugulitsidwa kwa chimanga cha m'nkhokwe za boma njala ya 2002 isadafike zidali zitadetsa kale mbiri ya bomalo. Chaka chimodzi m'mbuyomo, phungu wa AFORD ndiye adabweretsa m'Nyumba ya Malamulo bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi yomwe mtsogoleri angalamulire, yomwe idagwa ndi mavoti atatu okha.

Kulephera kugwirizana, ndi kugwirizana kopanda mutu

Mu 1999, MCP ndi AFORD zidaimika a Gwanda Chakuamba, wachiwiri wawo n'kukhala a Chihana. Adapeza mavoti 45 pa 100 alionse, a Muluzi 52. Mgwirizanowo udasiya bala m'chipani cha MCP, chifukwa a John Tembo, omwe adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, adaona kuti malo awo apatsidwa kwa mlendo. Chipani chidang'ambika pawiri ndipo milandu ya utsogoleri idatha zaka ili kukhoti.

Mu 2004 atsogoleri a mipingo adayesetsa kusonkhanitsa otsutsa onse kuti aimike munthu mmodzi. Zokambirana zidakanika pafunso limodzi: aime ndani? A Tembo adaima paokha, a Brown Mpinganjira a NDA paokha, a Justin Malewezi paokha. Zipani zisanu ndi ziwiri zotsala zidapanga Mgwirizano Coalition, motsogozedwa ndi a Chakuamba ndi a Aleke Banda. A Bingu wa Mutharika, omwe a Muluzi adachita kuwagwira dzanja pamisonkhano, adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mavoti a a Tembo ndi a Chakuamba, kuwaphatikiza, adaposa theka.

Otsatira Mgwirizano adalowa m'misewu ya Blantyre kunena kuti aberedwa, ndipo ena adataya miyoyo. Patangotha masabata ochepa, a Chakuamba adasiya mlandu wotsutsa zotsatira n'kusainirana ndi UDF. Mu 2005 adali nduna ya zamalimidwe. Omwe adavotera Mgwirizano pofuna kuchotsa UDF adangomva pawailesi kuti voti yawo yasamukira kwina.

Chaka cha 2009 chidabweretsa chodabwitsa china. Mu 1995 boma la a Muluzi lidazenga a Tembo mlandu wa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, ngakhale khoti lidawapeza osalakwa. Kwa zaka zambiri awiriwa ankanyozana pamisonkhano. Koma bungwe loyendetsa zisankho litaletsa a Muluzi kuimanso, UDF idauza anthu ake kuti avotere a Tembo. Nthawi imeneyo a Muluzi adali ndi mlandu wa K1.7 biliyoni kukhoti, umene udayamba a Bingu atachoka mu UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP. Anthu adaona kuti chowamanga pamodzi akuluakuluwa ndi mkwiyo pa a Bingu basi. M'midzi makuponi a feteleza adali atadzaza nkhokwe, ndipo a Bingu adapambana ndi mavoti 66 pa 100 alionse. Atsogoleri angagwirizane, koma mavoti si mbuzi zoti n'kuzikusa kuchoka khola ili kupita khola ilo.

Tippex ndi 50+1

Ulamuliro woyamba wa a Peter Mutharika udali ndi nkhani zakezake. Mu 2017 idakula ya chimanga chogula ku Zambia. Nduna ya zamalimidwe a George Chaponda adachotsedwa ntchito, koma khoti lidawapeza osalakwa mu 2018. Chaka chomwecho lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB lidatuluka mobisa, losonyeza kuti wamalonda yemwe adali ndi kontirakiti yogulitsa zakudya kupolisi adaika K145 miliyoni mu akaunti ya DPP yomwe wosainira wake adali mtsogoleri wa dziko. ACB idati a Mutharika sadapindule nazo paokha. Koma mkwiyo udali utakula, ndipo wachiwiri wawo, a Saulos Chilima, adatuluka m'chipani n'kukhazikitsa UTM pabwalo la Masintha ku Lilongwe mu Julayi 2018, uthenga wawo waukulu uli wothana ndi kuba m'boma.

Ngakhale zidali choncho, otsutsa adalephera kukhala pamodzi mu 2019. Mgwirizano wa UTM ndi PP ya mayi Joyce Banda womwe adaulengeza kumayambiriro kwa chakacho sudakhale ndi sabata. Mayi Banda adapita kwa a Chakwera. Zotsatira za pa 21 Meyi zidabwereza za 2004: a Mutharika 38.6, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2.

Chomwe chidawakhazika pa benchi limodzi ndi mlandu wotsutsa zotsatirazo. Kwa miyezi yambiri anthu ankatsatira pawailesi mafunso a maloya okhudza mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tippex, uku zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC zikutseka misewu. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu, a Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, adafafaniza chisankhocho. Adagamulanso chinthu chomwe chidasintha ndale zathu mpaka lero: wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka (50+1). Khoti lalikulu la apilo lidavomereza chigamulochi mu Meyi.

Kuchokera tsiku limenelo, mgwirizano sudalinso nkhani ya kufuna kapena kusafuna. DPP idatenga UDF, a Atupele Muluzi n'kukhala wachiwiri wa a Mutharika. Pa 19 Malichi, a Chakwera ndi a Chilima adasainirana pa Kamuzu Institute for Sports ku Lilongwe, anthu akuimba ndi kuvina. Mgwirizano wa Tonse udakula kufika pa zipani zisanu ndi zinayi. Malonjezo adali omveka kwa aliyense: ntchito 1 miliyoni, thumba la feteleza pa K4,495, pasipoti ya K14,000, kudya katatu patsiku, ndi kutha kwa katangale. Pa 23 Juni 2020 a Chakwera adapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Aka kadali koyamba kuti mgwirizano wa zipani zikuluzikulu zotsutsa ulande boma ku Malawi.

M'chisangalalo chimenecho, ndi ochepa omwe adafunsa mafunso awiri. Loyamba: mu Tonse mudalinso PP, chipani chomwe chinkalamula nthawi ya Cashgate, komanso anthu omwe adadyapo m'maboma a UDF ndi DPP; adasintha liti? Lachiwiri: pepala lomwe akuluakulu awiri aja adasaina lidalembedwa chiyani?

Tonse ili m'boma

Yankho lidayamba kuoneka pamndandanda wa nduna 31 wa mu Julayi 2020. Mudali bambo ndi mkazi wake, mchimwene ndi mlongo wake, mlamu ndi mlamu wake. Mtsogoleri wa zionetsero, a Timothy Mtambo, adalowanso m'kabineti. Aliyense yemwe adathandiza kampeni ankayembekezera kenakake: unduna, ukazembe, mpando m'bodi ya kampani ya boma, kapena kontirakiti. Zipani zikachuluka, ngongole zotere zimachulukanso, ndipo zonse zimalipidwa ndi ndalama za misonkho.

Mu Epulo 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni zothana ndi Covid-19 adaonetsa ndalama zambiri zitathera m'ma alawansi, ndipo nduna imodzi idachotsedwa. Mu Ogasiti nduna ya zamphamvu za magetsi idamangidwa pankhani ya makontirakiti a mafuta a kampani ya boma ya NOCMA. Mu Disembala nduna ya zamalo idagwidwa ndi ACB, ndipo mu Januwale 2022 kabineti yonse idathetsedwa. Chaka chomwecho kudamveka kuti K750 miliyoni zogulira feteleza wa alimi zidalipidwa ku kampani ya ku Britain yomwe ntchito yake yodziwika ndi yogulitsa nyama. Nduna ya zamalimidwe a Lobin Lowe adachotsedwa mu Okutobala.

Nkhani yomwe idagwedeza mgwirizano weniweniwo ndi ya wamalonda Zuneth Sattar. Mu Juni 2022 a Chakwera adauza dziko kuti lipoti la ACB latchula anthu 84 omwe akuganiziridwa kuti adalandira ndalama kwa wamalondayu, pokhudzana ndi makontirakiti a kupolisi ndi kwa asilikali a ndalama zoposa madola 150 miliyoni a ku America. Taonani zaka za makontirakitiwo: 2017 mpaka 2021. Adayamba DPP ikulamula, adapitirira Tonse ikulamula. Boma lidasintha, wogulitsa sadasinthe. A Sattar adakana kuti adalakwa.

Pa anthu otchulidwawo padali a Chilima. Popeza malamulo salola mtsogoleri wa dziko kuchotsa wachiwiri wake wosankhidwa naye limodzi, a Chakwera adangowalanda ntchito zomwe ankawatuma. Pa 1 Julayi a Chilima adayankha. Adauza anthu kuti pangano lawo ndi la zaka khumi: a Chakwera alamule zaka zisanu zoyamba, ndipo mu 2025 woimira mgwirizano akhale iwo. Akuluakulu a MCP adati chipani chawo sichikudziwa zimenezo. Patatha zaka ziwiri chivotereni, Amalawi adamva koyamba kuti mkati mwa pangano lomwe adalivinira mudali ndondomeko ya kulandirana mpando, ndipo eniake sakumvana pa zomwe adasaina.

Kuyambira apo, nkhondo yolimbana ndi katangale idasakanikirana ndi nkhondo ya 2025. A Chilima atamangidwa pa 25 Novembala 2022, powaganizira kuti adalandira madola 280,000, otsatira awo adati ndi chiwembu chofuna kuwatchinga kuti asadzaime. Iwo adaukana mlanduwo. Pa 6 Disembala, m'bandakucha, apolisi adazinga nyumba ya mkulu wa ACB mayi Martha Chizuma, n'kuwatengera kupolisi ya Namitete, kunja kwa mzinda, chifukwa cha mawu omwe adayankhula pafoni munthu wina akuwajambula mobisa. Wogwira akuba ndi amene adakwera galimoto ya apolisi. Akazembe a America ndi Britain adadzudzula poyera.

Mathero a milandu ikuluikulu adafanana. Mu Meyi 2023 mlandu wa a Muluzi wa K1.7 biliyoni udathetsedwa utakhala kukhoti zaka zoposa 14. Mu Meyi 2024 mlandu wa a Chilima udathetsedwanso. Palibe mwa awiriwa yemwe khoti lidamupeza wolakwa, ndipo palibe yemwe adapatsidwa mwayi woti woweruza amuyeretse atamva umboni wonse. Pa 10 Juni 2024 a Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu adafa pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Mwezi wotsatira UTM idatuluka mu Tonse.

Amalipira msonkhano ndani?

Kuti timvetse chifukwa chomwe nkhope zimasintha koma kusolola kumapitirira, tiyime kaye pabwalo la msonkhano wa ndale. Malole atuta anthu kuchokera m'midzi yakutali. Amayi avala nsalu zatsopano za chipani, anyamata ma T-shirt ndi zipewa. Pali zimkuzamawu, jenereta, matenti, oimba olipidwa, apolisi, mdipiti wa magalimoto akuluakulu omwe amwa mafuta kuchokera ku Lilongwe. Mafumu okhala kutsogolo sabwerera chimanjamanja, ndipo ovina amayembekezera ya sopo. Msonkhano wotere ndi umodzi. Pa kampeni imachitika mazanamazana.

Zipani zathu sizidalira ndalama za makadi a umembala. Boma limapereka thandizo ku chipani chokhacho chomwe chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo ndalamazo n'zochepa poyerekeza ndi zomwe kampeni imadya. Zotsalazo zimachokera kwa amalonda, ndipo wamalonda wochenjera amathandiza mbali zonse. Chisankho chikatha, amabwera kudzatenga zake kudzera m'matenda a boma: feteleza, mafuta, yunifolomu, zakudya za apolisi ndi asilikali, misewu. Mtengo umakwezedwa kangapo kuti aliyense apezepo gawo lake. Kafukufuku wa mabuku a boma a zaka za 2009 mpaka 2014 adapeza K236 biliyoni zosalongosoka, kusonyeza kuti bowo lidalipo Cashgate isadatchuke.

Lamulo lilipo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, ndipo limalamula chipani kuulula thandizo loposa K1 miliyoni lochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni lochokera ku kampani. Koma mlembi woyang'anira zipani, yemwe amayenera kulondoloza zimenezi, adasankhidwa mu 2024, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Zisankho za 2019 ndi 2020 zidadutsa popanda wofunsa komwe ndalama za kampeni zidachokera.

Kumbali ya milandu, mu 2022 aphungu adachotsa ndime yomwe inkakakamiza ACB kupempha chilolezo kwa mkulu wozenga milandu m'boma isadatengere munthu kukhoti. Lidali sitepe labwino. Koma mkulu yemweyo, yemwe amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, adakali ndi mphamvu yothetsa mlandu uliwonse chigamulo chisadaperekedwe, bola akafotokoze zifukwa ku komiti ya aphungu yoona za malamulo. Choncho wandale yemwe ali ndi mlandu amadziwa kuti loya wabwino koposa ndi kukhala kumbali yopambana. Ichi n'chifukwa china chomwe anthu ena amalowera m'migwirizano, ndipo sichitchulidwa pansanja.

Zomwe Kenya idaphunzira

Si ife tokha omwe tidapsa. Mu Disembala 2002 zipani zotsutsa ku Kenya zidagwirizana pansi pa dzina la NARC n'kuchotsa KANU, chipani cholamula chomwe mbiri yake idadetsedwa ndi nkhani ya katangale ya Goldenberg. A Mwai Kibaki adapambana ndi mavoti oposa 60 pa 100 alionse. Padali pangano lakuseri loti mipando igawidwe mofanana ndipo kukhazikitsidwe udindo wa nduna yaikulu, womwe anthu ankayembekezera kuti ukhala wa a Raila Odinga. Panganolo silidatsatidwe. Pasadathe zaka ziwiri, boma latsopanolo lidali ndi nkhani yakeyake ya Anglo Leasing, ndipo mu 2005 mlangizi wa mtsogoleri pa zothana ndi katangale, a John Githongo, adatula pansi udindo ali ku Britain. Chaka chomwecho mgwirizanowo udatha.

Akenya adasintha lamulo. Kuyambira 2011, zipani zopanga mgwirizano zimayenera kukasiya pangano lawo lolembedwa kwa mlembi woyang'anira zipani chisankho chisadachitike. Izi sizidathetse katangale ku Kenya, ndipo andale akumeneko amaswabe malonjezo. Koma pangano lidasiya kukhala chinsinsi cha anthu awiri. Kwathu kuno ngakhale ukwati wa kumudzi sumangidwa popanda ankhoswe, kuti mawa pakabuka mkangano pakhale wonena zomwe adagwirizana. Pangano lokhudza yemwe adzalamule anthu oposa 20 miliyoni lidamangidwa opanda mboni yomwe anthu angaifunse.

Chigamulo cha 2025

Pa 16 Sepitembala 2025 papepala lovotera padali maina 17. Zokamba zoti otsutsa onse aimike munthu mmodzi sizidaphule kanthu. UTM idaimika a Dalitso Kabambe, UDF a Atupele Muluzi, PP mayi Joyce Banda. AFORD ndi yomwe idapita ndi DPP. Ambiri ankaganiza kuti palibe yemwe afike pa 50+1 ndipo kudzakhala chisankho chachibwereza.

Ovota adaganiza zina. Atatopa ndi mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja, kukwera mtengo kwa chimanga ndi kwacha yomwe idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, adaunjika mavoti pa munthu yemwe adaona kuti angathe kuchotsa boma. A Peter Mutharika, a zaka 85, adapeza mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Chakwera 33. Otsalawo adagawana nyenyeswa. Chipani chomwe chidathamangitsidwa mu 2020 ndi nyimbo zodzudzula kuba chidabwerera ku nyumba ya boma, wachiwiri kwa mtsogoleri ali mayi Jane Ansah, omwe adayendetsa chisankho cha tippex chija. A Enoch Chihana a AFORD adapatsidwa udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, mpando womwe udapangidwira bambo awo mu 1994.

Ena adzati izi zikusonyeza kuti Amalawi sasamala za katangale. Si zoona. Adalanga PP mu 2014, DPP mu 2020, MCP mu 2025. Chomwe adachiona n'chakuti kulanga chipani sikutseka bowo, ndiye povota amayang'ana mtengo wa thumba la chimanga. Choopsa chili pamenepo: anthu akafika poti onse ndi amodzimodzi, wakuba sachitanso manyazi, ndipo woona mtima alibe chomusiyanitsa ndi anzake.

Zoti zikonzedwe 2030 isadafike

Malinga 50+1 ilipo, migwirizano sidzatha, ndipo kugwirizana pakokha si tchimo. Tonse idatsimikizira kuti boma lokhala pampando lingathe kuchotsedwa ndi voti. Chofunika n'chakuti mgwirizano ukhale ndi malamulo.

Aphungu asinthe lamulo la zipani kuti pangano lililonse la chisankho lizikaperekedwa kwa mlembi woyang'anira zipani ndi kusindikizidwa m'nyuzipepala anthu asadavote, ndipo ndime iliyonse yobisidwa ikhale yopanda mphamvu. Ofesi ya mlembiyo ipatsidwe ndalama ndi antchito okwanira kuti maina a othandiza zipani adziwike, ndipo kampani yomwe yathandiza chipani izionekera poyera ikapata kontirakiti ya boma. Zifukwa zothetsera mlandu wa katangale wa munthu wandale ziziwerengedwa pamaso pa anthu, osati m'chipinda cha komiti mokha. Ndipo atsogoleri omwe akhala akulonjeza kuchepetsa chitetezo cha mtsogoleri wa dziko ku milandu akadali kotsutsa, achite zimenezo akalowa m'boma.

Palibe chimodzi mwa izi chomwe andale angachichite mwa kufuna kwawo, chifukwa chinsinsi chimawapindulira onse, olamula ndi otsutsa omwe. Mipingo, mabungwe, atolankhani ndi mafumu omwe amakakamiza zipani kugwirizana ali ndi udindo wofunsanso zomwe zagwirizanidwazo. Nanunso wovota, tsiku lomwe akuluakulu adzaime pansanja atagwirana manja m'mwamba, afunseni mafunso atatu musadaombe m'manja: mwalonjezana chiyani, wakupatsani ndalama ndani, ndipo pakati panupo ali ndi mlandu kukhoti ndani? Akakana kuyankha, musawapatse voti.